Matabwa a Bambo Namakhwa

Mwezi uno chikwana chaka chiwaikire m'manda bambo Namakhwa. Ndazengereza kulemba za iwo chifukwa mpaka lero sindidziwa ngati ndinkawakonda kapena ndinkangowaopa. Anali alandilodi anga ku Matawale kwa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ndi iwo anandiphunzitsa kugwira malipiro kuti azifika kumapeto kwa mwezi. Pa chimenecho ndimawathokoza. Koma pali china chimene ndinaona pakhomo pawo, chimene inenso ndinaikapo dzanja langa, ndipo chimandisowetsa mtendere.

Anali bambo wamtali, wouma thupi, wa jekete imodzi yotuwa ndi pensulo yosachoka pakhutu. Zaka zawo zonse za pantchito anali kalaliki wa malipiro mu ofesi ina ya boma m'munsi mwa phiri, kuyambira Zomba ikadali likulu. Anapuma pantchito matipate atangoyamba, nthawi imene kwacha inayamba kupepuka m'manja, shuga n'kumakwera mtengo iwe uli pamzere womwewo. Ankati pa windo lawo lolipirira anaonapo zonse. Munthu ankasaina, kulandira, kutuluka, ndipo panja akatapila anali atamudikira kale. Ena mwa anthuwo anali mabwana ovala tayi. N'chifukwa chake bambo Namakhwa sankagwadira tayi kapena sukulu. Ankalemekeza munthu amene mwezi ukamapita kumapeto adakali ndi mchere m'nyumba.

Ine ndinafika pakhomo pawo nditangolembedwa ntchito yotayipa makalata ku koleji ku Chirunga. Malipiro anga oyamba ndinalandira Lachisanu, ndipo pofika Loweruka ndinali ndi nsapato zatsopano, nsalu ziwiri ndi nkhuku yomanga miyendo. Anandiona ndikulowa mumpanda.

"Achemwali, mwalandira eti?"

"Eya bambo."

"Zikuoneka. Bwerani nazo kuno zotsalazo."

Ndinkayesa akufuna lendi. Anandikhazika pa benchi pakhonde, n'kuyala ndalamazo pa tebulo, n'kuziwerenga kawiri osandiyang'ana. Kenako anatulutsa maemvulopu akale a ku ofesi, amene ankawamatula n'kuwatembenuza kuti agwirenso ntchito. Anandifunsa kuti ndimalandira zingati. Nditatchula zimene zinalembedwa m'kalata ya ntchito, anati zimenezo ndi za boma, zanga ndi zimene zafika m'manja msonkho utachoka. Pa emvulopu yoyamba analemba lendi, ndipo sanachite nazo manyazi kuti lendiyo ndi yawo yomwe. Pa yachiwiri analemba chimanga, nati ndizigula thumba lathunthu nthawi yokolola, ufa wa timapaketi ndiwasiyire ana a sukulu. Makala, sopo, mchere ndi mafuta anaziika pamodzi. Za minibasi anakana kulemba, ati kuchokera ku Matawale kukafika ku Chirunga munthu wa miyendo iwiri salipira.

Tinakangana pa emvulopu ya kumudzi. Ine ndinkafuna kutumiza zambiri, poti amayi anali atauza kale mudzi wonse kuti mwana wayamba ntchito. Iwo anati ndisankhe ndalama imene ndingathe kutumiza ngakhale mwezi woipa, ndiwauze kumudziko kuti ndi imeneyo basi, ndipo ndisadzawonjezere ngakhale kalata ibwere yonyowa ndi misozi. Ankati wotumiza zambiri mwezi woyamba ndi amene amadzatchedwa woumira mwezi wachitatu. Panatsala maemvulopu awiri, ya matenda ndi ya maliro. Ndinaseka, ndikuti ine mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zinayi maliro ndi a chiyani. Anandiyang'ana mpaka kusekako kunandithera. Timakobidi totsala anandiponyera m'manja, ati ndikagule zitumbuwa kuti mtima usandipweteke.

Lamulo lawo lalikulu linali limodzi: emvulopu sibwereka kwa inzake. Ya makala ikatha mwezi uli pakati, katole zitsononkho, koma ya chimanga usaikhudze. Ankati ukangotsegula kamodzi, katapila wamulowetsa wekha m'nyumba. Ndipo munthu akabwera kudzakupempha, umuuze mosachita chibwibwi kuti ndalama zako zonse zili kale ndi ntchito. Zinkathekadi. Ine sindinakongolepo chiyambire. Kumapeto kwa mwezi pakhonde pawo pankabwera aphunzitsi atsopano, anamwino, ngakhale ophunzira a ku Chirunga amene alawansi inkawathera sabata yoyamba. Sankalipiritsa, koma ankanyoza. Mnyamata wina wophunzira za chuma anamufunsa pagulu ngati aphunzitsi ake amadziwa kuti amadya ngongole ya mandasi.

Emvulopu yawo ya maliro inalibe ndalama. Penshoni ikatuluka, ankakwera phiri wapansi kupita kwa ocheka matabwa a paini, n'kugula thabwa limodzi. Ankatsika nalo paphewa, ali mu jekete yawo ija, pakati pa amayi osenza nkhuni. Ankati ndalama ya pepala imaonda ili mu emvulopu momwemo, koma thabwa silionda. Mwezi wina m'malo mwa thabwa ankagula misomali, mwezi wina nsalu yoyera, mwezi wina zogwirira. Cholinga chinali mabokosi awiri, lawo ndi la akazi awo. Matabwawo ankawasanja pa mitanda ya denga m'chipinda chogona, pamwamba penipeni pa bedi. Akazi awo, amene tonse tinkawatchula kuti mayi a Edina, ankadandaula kuti palibe mkazi wina mu Zomba amene amadzuka m'mawa n'kuyamba kuona bokosi lake.

Tsidya la msewu kunali Che Jafali, kalipentala, mnzawo wa bawo. Zaka zimenezo Che Jafali anali atasiya kukhoma mipando ndi makabati, poti maoda anali a mabokosi okhaokha. Iwo pokhala Msilamu ankawaseka anzawo.

"Achimwene, inu mukuvutikiranji ndi phiri? Bwerani kwathu kuno. Nsalu yokha basi, dzuwa lisanalowe tamaliza."

"Nanga inuyo mumadyera chiyani, si mabokosi athu omwewa?"

Ankatha kutsutsana choncho mpaka bawo n'kuiwalika kuti wosewera ndi ndani.

Chiyambi cha matabwawo anandiuza ndi mayi a Edina tikuchapa pa mpopi. Bambo awo a bambo Namakhwa anamwalira m'chipatala mwezi uli pakati, iwo ali kalaliki wamng'ono wongokwatira kumene. Mtembo unakhala masiku atatu iwo akuyenda ofesi ndi ofesi ndi pepala lopempha. Bwana wina anawaimika pakhomo ola lathunthu, n'kuwapatsa makobidi osakwana misomali. Pamapeto pake anawakulunga bambo awo m'mphasa, n'kuwakweza pa lole ya njerwa yopita ku Phalombe. Munthu amene manja ake ankagwira malipiro a ofesi yonse analephera kugula bokosi. Kuyambira pamenepo analumbira kuti palibe amene adzayende ndi pepala chifukwa cha iwo kapena wa m'nyumba mwawo. Chimenecho ndicho ankaopa kuposa imfa yeniyeniyo.

Edina anali mwana wawo mmodzi yekha. Anabwerera kuchokera ku Limbe mwamuna wake atamwalira, ine nditakhala pakhomopo zaka zitatu. Anamupatsa kachipinda ka kuseri, koyandikana ndi kanga. Anabwera akutsokomola kale, koma pakamwa panali pamoyo. Ankandiluka tsitsi Loweruka, akundiuza nkhani za ku Limbe zosati n'kulemba pano. Ndi iye yekha amene ankatha kuwagwira bambo ake pamphuno. Tsiku lina anawafunsa akuwerenga ndalama, "Ababa, nanga ya kuseka munaiika mu emvulopu iti?" Iwo anayesa kukwiya koma milomo inawakanika.

Anadwala, n'kuchira, n'kudwalanso, n'kuchira. Bambo Namakhwa sanali munthu wa mtima wa mwala, ndipo ndikufuna zimenezi zidziwike. Edina akagonekedwa m'chipatala, iwo ankayenda wapansi m'mawa uliwonse kukamusiyira phala, n'kukhala pambali pa bedi akumukupiza ndi katoni. Emvulopu ya matenda inkatha mwezi ndi mwezi ndipo sanadandaulepo. Ulendo wachitatu mutu unamugwira kwambiri, khosi n'kuuma. Adokotala analemba kalata yoti akamuone ku Blantyre. Pa minibasi sakanatha kukhala, pankafunika galimoto ya hayala. Emvulopu ya matenda inali yopanda kanthu, ndipo penshoni inali itatsala ndi masiku khumi kuti ituluke.

M'mawa wake Che Jafali anaoloka msewu ndalama zili m'manja. Ine ndinali pa mpopi, ndinamva zonse.

"Achimwene, matabwa aja ndigulitseni. Ndalama ndi izi. Mwana apite lero."

"Amenewo ali ndi ntchito yake."

"Ntchito yanji yoposa imeneyi?"

"Penshoni ituluka. Masiku khumi okha. Mesa wachira kawiri konse."

"Chabwino, matabwawo akhale. Tengani ngati ngongole."

"Ine sindinakongolepo, Che Jafali. Inu mukudziwa."

"Ndiye ingotengani, sindidzakufunsani."

"Sindine wopemphapempha."

Mayi a Edina anatuluka m'kachipinda muja chitenje chili m'manja. Sindinawamvepo akukweza mawu kwa amuna awo, koma tsiku limenelo Matawale yense anamva.

"Mukusungira ndani matabwawo? Mukufuna mumuikemo iyeyu?"

Bambo Namakhwa anachotsa pensulo pakhutu, n'kuiyang'ana, n'kuibwezerapo. Che Jafali anaima pang'ono, ndalama zili m'manja. Iwo anali munthu wa ulemu wakale, woti sangapatse mkazi wa mnzake ndalama mwamuna wake atakana pamaso pake. Anabwerera ku shedi kwawo.

Tsopano ndinene zanga. Ndikuvala kuti ndizipita ku ntchito, mayi a Edina anagogoda pachitseko changa. Analankhula motsitsa mawu.

"Mwanangu, muli ndi kangachepe? Mwini galimoto akuti theka lokha anyamuka, zinazo kumapeto kwa mwezi. Bambo anu sadziwa."

M'sutikesi mwanga munali maemvulopu asanu ndi imodzi. Ya maliro inali yonenepa kuposa onse, poti kwa zaka zoposa zitatu inali isanatsegulidwepo. Theka la hayala linalimo, n'kutsalanso. Ndinawayang'ana mayiwo m'maso n'kunena kuti, "Amayi, ndalama zanga zonse zili kale ndi ntchito." Sindinachite chibwibwi. Ndinali wophunzira wabwino. Iwo anangoti, "Zikomo mwanangu," n'kutseka chitseko changa pang'onopang'ono. Ndinapita ku ntchito n'kukatayipa makalata tsiku lonse.

Edina anamwalira patatha masiku asanu ndi limodzi. Sindinganene kuti akanapita ku Blantyre akanachira. Zaka zimenezo ambiri ankapita n'kubwerako ali m'bokosi, mankhwala otalikitsa moyo asanafike kwa anthu wamba. Ndadziuza zimenezi kambirimbiri ndipo ndi zoona. Koma sanapite, ndipo amene tinamukaniza tinali awiri.

Bambo Namakhwa anakwera okha pa mpando n'kutsitsa matabwa. Anawaolotsa msewu limodzilimodzi paphewa, osalola munthu kuwathandiza. Che Jafali anakhoma bokosilo osalankhula nawo liwu ndi limodzi lomwe. Linali bokosi labwino kuposa onse amene ndinawaona ku Matawale chaka chimenecho, matabwa ouma bwino, nsalu yoyera mkati, zogwirira zonyezimira. Palibe amene anayenda ndi pepala. Kumanda, mkulu wa mpingo anawayamikira pagulu kuti ndi bambo wokonzeka, achinyamata atengerepo chitsanzo. Anthu anavomereza. Mayi a Edina anali atafunda chitenje kumutu, ndipo sindinaone nkhope yawo. Patatha masiku anayi penshoni inatuluka.

Mwezi umenewo bambo Namakhwa sanakwere phiri, ndipo sanadzakwerenso. Anatenga bulangete lawo n'kusamukira m'kachipinda ka Edina. Iwo ndi akazi awo anakhala pakhomo limodzi zaka zonse zotsala akulankhulana za mchere ndi za madzi basi. Mayi a Edina ankawaphikira, kuwachapira, koma ankati amuna awo sanatchulepo dzina la mwanayo, ndipo sanapepesepo. Iwo ankakhulupirira kuti bamboyo mumtima mwake ankaonabe kuti anachita bwino.

Patapita miyezi iwiri, mwana wa mayi wina wogulitsa tomato anakomoka ndi malungo. Bambo Namakhwa anatsitsa matabwa otsala aja, a bokosi lachiwiri, n'kukawaunjika pa shedi pa Che Jafali. Ndalama za matabwawo zinalipira hayala, galimoto inabwera. Kuyambira pamenepo zinadziwika m'dera lathu kuti wodwala akafuna hayala, pitani kwa a Namakhwa. Sankabwereketsa, ankangolipira. Musaganize kuti anasanduka munthu wokoma pakamwa. Ankalipira akunyoza, akufunsa mwamuna wa wodwalayo kuti mowa wa mwezi uno wamwera zingati. Ophunzira atsopano ankabwerabe pakhonde, ndipo ankawagawira maemvulopu monga kale. Koma akafika pa ya maliro ankaidumpha. Wina wakale atawakumbutsa, anamuuza kuti akhale chete, wophunzitsa ndi iwo. Inenso yangayo ndinali nditaikhuthulira mu ya matenda sabata ya maliro a Edina, osauza munthu.

Ndinachoka pakhomopo nditakwatiwa, koma ndinkapitako. Penshoni yawo inkachepa mphamvu chaka ndi chaka, mtengo wa hayala ukukwera. Jekete ija inafika poonetsa zigongono. Che Jafali anatsogola, shedi yawo n'kusanduka okala ya munthu wina. Chaka chatha bambo Namakhwa anagwa pa mpopi, ndipo tsiku lachitatu anamwalira m'chipatala. Mwezi unali pakati. M'thumba la jekete munali pensulo ndi maemvulopu awiri opanda kanthu.

Pepala ndinayenda nalo ndine. Mayi a Edina miyendo inali itawafooka, ndipo panalibe wina. Ndinakhuthula emvulopu yanga ya matenda, ndi ya chimanga yomwe, koma mabokosi a masiku ano si amasewera. Ndinayamba ndi amene anawalipirira hayala. Anapereka ndi mtima wonse, koma anali anthu a tomato ndi makala, ndalama zake zamakwinya. Kenako ndinapita m'maofesi, kwa amene anaphunzira pakhonde paja, ena tsopano ndi mabwana. Ena anapereka. Atatu anandiuza mwaulemu, osachita chibwibwi, kuti ndalama zawo zonse zili kale ndi ntchito. Sindinawakwiyire. Ndikanayambira pati? Mtembo unadikira masiku awiri. Bokosi limene tinakwanitsa linali la matabwa aawisi, lolemera, lonunkha utomoni, ndipo mbali ina linali ndi mpata woti chala n'kulowa. Chinthu chimene munthuyo anachithawa moyo wake wonse chinamupeza, ndipo ine ndinalira ndi manyazi m'malo mwake.

Sabata yatha mayi a Edina ananditumira uthenga kuti ndipite. Akufuna kuika munthu wa lendi m'kachipinda kaja, poti alibe kwina kopezera ndalama. Chimwalirire bambowo anali asanalowemo. Atatsegula kuti apake laimu, anapeza zolemba pakhoma. Iwo sadziwa kuwerenga.

"Mesa inu munaphunzira, mwanangu. Taonani, zimenezi si ngongole? Asadzabwere anthu kudzandilanda nyumba."

Kachipindako n'kakang'ono, ka windo limodzi loyang'ana ku phiri. Muli bedi lachitsulo lopanda matiresi, msomali wopachikapo zovala, ndi kapu ya pulasitiki pansi. Pakhoma la kumutu kwa bedi pali manambala a pensulo, olembedwa bwino ngati m'buku la ofesi. Ayambira pa msinkhu wa phewa n'kutsika mpaka pansi, n'kuyambiranso pamwamba, mizere yambiri mpaka kukhota pa kona. Nambala iliyonse ili ndi mwezi wake. Pamwamba pa mzere woyamba analemba kuti: Hayala, Zomba mpaka Blantyre, Edina ndi mayi ake ndi ine. Mwezi woyamba ndi umene Edina anamwalira. Womaliza ndi umene unatsogolera imfa yawo, ndipo sanadumphe ndi umodzi womwe. Ndiye kuti mwezi uliwonse ankapita ku depoti kukafunsa mtengo wa ulendo umene sunachitike.

Ndinawawerengera mayiwo mawu a pamwambawo. Anandiuza kuti ndibwereze, ndipo ndinabwereza. Anakhala pa zitsulo za bedi nthawi yaitali, manja ali pa maondo.

"Ndiye kuti ankadziwa," anatero. "Zaka zonsezi ine ndili m'nyumba umo, khoma limodzi lokha. Osabwera kudzandiuza bwanji?"

Dzulo ndinadutsako pochokera ku ntchito. Munthu wa lendi uja mayi a Edina anamubweza, ngakhale anabwera ndi ndalama za miyezi iwiri. Ndowa ya laimu ili pakhomo pa kachipindako, laimuyo wauma n'kung'aluka. Chitseko chinali chotsegula, ndipo mkati mwasesedwa.